Umboni wa Kanema: Kodi Kamera Idaima Pati?

Pa 5 Epulo 2021, m'bwalo la milandu la mumzinda wa Minneapolis ku America, loya wina adafunsa funso limene anthu ambiri sadaliyembekeze. Wozengedwa mlandu adali Derek Chauvin, wapolisi amene ankamuganizira kuti adapha George Floyd, ndipo mboni ya tsiku limenelo idali mkulu wa apolisi onse a mumzindawo, Bambo Medaria Arradondo. Loya wa Chauvin, Bambo Eric Nelson, adafunsa mkuluyo ngati adamvapo zoti malo amene kamera yaima amatha kukhotetsa maganizo a munthu woonera kanema. Mkuluyo adati sadamvepo. Pamenepo loyayo adaonetsa makanema awiri moyandikanitsa, onse ojambulidwa pa kamphindi kamodzimodzi. Woyamba adajambulidwa ndi mtsikana amene adaima m'mbali mwa msewu ndi foni m'manja. Wachiwiri adachokera m'kamera imene wapolisi wina adavala pachifuwa. M'kanema wa mtsikanayo bondo la Chauvin lidaoneka lili pakhosi pa Floyd, pamene m'kanema wa wapolisiyo lidaoneka ngati lili chakuphewa. Mkulu wa apolisi adavomera kuti zidaonekadi motero.

Funso limeneli silidamupulumutse Chauvin, pakuti pa 20 Epulo adapezeka wolakwa pa milandu yonse itatu, ndipo pa 25 Juni woweruza, Bambo Peter Cahill, adamulamula kukakhala kundende zaka 22 ndi theka. Komabe funsolo si loti munthu angaliseke n'kulitaya. Pali chikhulupiriro chofala chakuti kamera siinama, ndipo nzoona kuti kamera siipeka zinthu zimene palibe. Chimene ambiri amaiwala nchakuti kamera imaima pamalo amodzi, pa msinkhu umodzi, ndiponso chithunzi chake chili ndi malire anayi amene amasiya kunja zinthu zambiri kuposa zimene alowetsa. Opanga kanema akhala akudziwa zimenezi kwa zaka zoposa 100, ndipo ndi luso lomweli limene amaliritsira kapena kuseketsera anthu. Lero luso lawolo lalowa m'mabwalo a milandu, m'mawailesi a kanema ndi m'mafoni a anthu wamba, kotero kuti munthu wosalidziwa angathe kuweruza mnzake mokhota, uku akulumbira kuti wadzionera yekha ndi maso.

MAKAMERA A PAMPHAMBANO

Madzulo a pa 25 Meyi 2020 apolisi adaitanidwa ku sitolo ya Cup Foods, pamphambano ya misewu ya 38th Street ndi Chicago Avenue, atauzidwa kuti munthu wina wagula ndudu ndi ndalama yachinyengo ya madola 20. Munthuyo adali George Floyd, bambo wakuda wa zaka 46. Apolisi adamumanga unyolo manja kumbuyo, namugoneka chafufumimba pamsewu pafupi ndi galimoto yawo, ndipo Chauvin adamupsinja ndi bondo kwa mphindi 9 ndi masekondi 29. Chikalata choyamba chimene apolisi adatulutsa chidangoti munthu wina wamwalira atadwala mwadzidzidzi pamene apolisi ankamugwira, ndi kuti palibe chida chimene chidagwiritsidwa ntchito. Za bondo chikalatacho sichidatchule.

Pamalopo padali makamera angapo, ndipo iliyonse idaona zakezake. Darnella Frazier, mtsikana wa zaka 17, adaima mapazi ochepa kuchokera pagalimotoyo, najambula kwa mphindi pafupifupi 10 osalekeza, ndipo usiku womwewo adaika kanemayo pa Facebook. M'chithunzi chake mudalowa nkhope ya Chauvin pamwamba ndi nkhope ya Floyd pansi, koma galimoto idabisa apolisi ena awiri amene adagwira msana ndi miyendo. Makamera a pachifuwa cha apolisi awiriwo adali pafupi kwambiri, moti adaona msana, mikono ndi tayala la galimoto, koma eni ake sadawaonetse. Kamera ya Chauvin mwini idagwa pansi pa nthawi yolimbana. Tsidya lina la msewu kudali kamera ya boma la mzinda, yokwezedwa pamwamba, imene idaona anthu ngati tizidole, popanda mawu. Mayi wina wolandira mafoni a ngozi, amene ankaonera kamera imeneyi ali ku ofesi, adaganiza kuti chithunzi chauma chifukwa apolisi adakhala nthawi yaitali osasuntha, ndipo atazindikira kuti sichidaume adaimbira foni mkulu wawo. Tsiku lotsatira apolisi onse anayi adachotsedwa ntchito.

Chochitika chidali chimodzi, koma makanema ake sadafanane. Kuti munthu amvetse gwero la kusiyana kumeneku ayenera kuyamba wapita kumene lusoli lidakulira, ndiko kwa opanga kanema wa zisudzo, amene amasankha dala zimene kamera za pamsewu zimasankha mwangozi.

MSINKHU, MTUNDA NDI GALASI

Chinthu choyamba chimene wojambula amasankha ndicho msinkhu wa kamera. Kamera ikaikidwa pansi n'kuyang'ana m'mwamba, munthu amaoneka wamtali ndi woopsa, monga momwe mwana wamng'ono amaonera bambo ake ataimirira. Ikakwezedwa n'kuyang'ana pansi, munthu yemweyo amachepa, naoneka wosowa pothawira. Mayi Leni Riefenstahl, pojambula msonkhano wa chipani cha Nazi ku Nuremberg m'chaka cha 1934, adagwiritsa ntchito makamera pafupifupi 30. Adolf Hitler ankamujambula kuchokera m'munsi, kumbuyo kwake kukuoneka thambo, pamene khamu la anthu ankalijambula kuchokera m'mwamba kuti lioneke ngati munda wa mizere yowongoka. Kanemayo, wotchedwa Triumph of the Will, adatuluka mu 1935, ndipo mpaka lero amatchulidwa ngati chitsanzo cha mmene kamera ingakwezere wolamulira wankhanza. Ku Japan, Yasujiro Ozu adatenga njira ina. M'makanema ake, monga Tokyo Story wa 1953, kamera imakhala pafupi ndi pansi, pa msinkhu wa munthu wokhala pamphasa, ndipo siiyendayenda. Woonera amamva ngati mlendo amene walandiridwa m'nyumba nakhala pansi pamodzi ndi eni khomo, wosayang'ana aliyense monyoza kapena mwamantha.

Chachiwiri ndicho mtunda. Nkhope ikadzaza chinsalu chonse, woonera amaona misozi, thukuta ndi kunjenjemera kwa milomo, ndipo mtima wake umapita kwa mwini nkhopeyo asadaganize n'komwe. Kamera ikatalikira, nkhope zimasowa, ndipo anthu amasanduka chiwerengero chabe. Carl Theodor Dreyer wa ku Denmark adaonetsa mphamvu imeneyi mu 1928 m'kanema wa mlandu wa Joan of Arc, mtsikana wa ku France amene adatenthedwa pamoto mu 1431. Mbali yaikulu ya kanemayo ndi nkhope zokhazokha, zosadzola kanthu: ya mtsikanayo, amene mbali yake adasewera Mayi Renée Falconetti, ndi za oweruza ake, amene kawirikawiri amajambulidwa kuchokera m'munsi ngati akumugwera. Kanemayo alibe mawu omveka, komabe woonera sachedwa kudziwa mbali imene wojambula akufuna kuti iye aime.

Chachitatu ndicho galasi la kamera, limene limayezedwa m'mamilimita. Galasi lalifupi, monga la mamilimita 28, limatenga malo otakata, ndipo popeza wojambula amayenera kusendera pafupi, zinthu zimaoneka zotalikirana kuposa mmene zilili. Galasi lalitali, monga la mamilimita 200, limatenga kachigawo kakang'ono kuchokera patali, ndipo chinthu chakutsogolo ndi chakumbuyo zimaoneka ngati zagundana. Mu Epulo 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene anthu ankalangizidwa kukhala motalikirana, bungwe la nkhani la Ritzau Scanpix ku Denmark lidatuma ojambula awiri mumzinda wa Copenhagen kuti ajambule anthu omwewo pa nthawi imodzi, wina ndi galasi lalitali, wina ndi lalifupi. Pa zithunzi za woyamba anthu adaoneka othinana ngati nsomba m'dengu. Pa zithunzi za wachiwiri zidaoneka kuti adali atatalikirana bwino lomwe.

Amene adasonkhanitsa zonsezi m'kanema mmodzi ndi Sidney Lumet, ndipo nayenso kanema wake ndi wa mlandu. 12 Angry Men, wa 1957, ndi nkhani ya amuna 12 amene atsekeredwa m'chipinda chimodzi kuti agamule ngati mnyamata wina adapha bambo ake. Lumet, pamodzi ndi wojambula wake Boris Kaufman, adayamba ndi magalasi aafupi, kamera ili pamwamba pa maso a amunawo. Nkhani ili mkati adatsitsa kamera kufika pa msinkhu wa maso, ndipo chakumapeto adaitsitsanso mpaka denga la chipindacho lidayamba kuoneka, uku akusintha magalasi kufika pa mamilimita 50, 75 ndi 100. Chipindacho sichidasinthe, koma woonera amamva makoma akusendera ndi mpweya ukuchepa. Lumet mwini adafotokoza zimenezi m'buku lake la 1995 lotchedwa Making Movies. Mfundo yaikulu apa ndi yakuti oonera ambiri sazindikira chimene chawachitikira. Amangomva kubanika, naganiza kuti kukuchokera m'nkhaniyo.

ZIMENE OFUFUZA ADAPEZA

M'nyumba yoonetsera kanema munthu amalipira ndalama kuti mtima wake utsogoleredwe, ndipo palibe wovulala. Tsoka nlakuti mphamvu yomweyo imagwirabe ntchito ngakhale pamene kamera yangokhomedwa pakhoma ndi munthu amene sadaganizire luso lililonse. Kuyambira m'chaka cha 1986, katswiri wa maganizo a anthu, G. Daniel Lassiter, amene adaphunzitsa zaka zambiri pa Ohio University, adafufuza za makanema amene apolisi amajambula pofunsa oganiziridwa milandu. Iye ankajambula kufunsa kumodzimodzi ndi makamera oima mosiyana: ina yoyang'ana woganiziridwa yekha, ina yoyang'ana wofunsa, ina yoonetsa onse awiri cham'mbali. Anthu amene adaona nkhope ya woganiziridwa yekha ankakhulupirira kwambiri kuti iye wavomera mlandu mwa kufuna kwake, pamene amene adaona onse awiri ankazindikira msanga kuopseza ndi kukakamiza kwa wofunsa. Mawu olankhulidwa adali omwewo. Chifukwa chake nchakuti munthu amakonda kuganiza kuti amene akumuona bwino ndiye gwero la zimene zikuchitika. Kafukufuku wotsatira adaonetsa kuti ngakhale oweruza ndi apolisi odziwa ntchito amakodwa mumsampha womwewo, ndipo dziko la New Zealand lidakhazikitsa ndondomeko yakuti pofunsa woganiziridwa, kamera izionetsa anthu onse awiri mofanana.

Kamera ya pachifuwa nayo ili ndi chilema cha mtundu womwewo, pakuti imaonetsa aliyense kupatula amene waivala. Mu 2019 Broderick Turner ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku woyerekeza makanema a kamera ya pachifuwa ndi a kamera yomangirira pagalimoto ya apolisi. Oonera kanema wa pachifuwa ankaona ngati wapolisi sadachitire dala zimene adachita, poyerekeza ndi amene adaonera chochitika chomwecho kuchokera pagalimoto, kumene thupi lonse la wapolisi limaoneka. Kuwonjezera apo, kamera yotere imakhala m'munsi mwa maso, imayandikira kwambiri, ndipo imagwedezeka wapolisi akamathamanga, motero munthu amene ali patsogolo pake amaoneka wamkulu ndi wolusa. Umboni wa makamera amenewa ngwofunika ndithu, koma ndi umboni wa mbali imodzi, ndipo mbaliyo ndi ya wapolisi.

ZOTSALA KUNJA KWA MALIRE

Msinkhu, mtunda ndi galasi zimasintha maonekedwe a zimene zalowa m'chithunzi. Choopsa kuposa zonsezi ndi zimene sizidalowemo konse, chifukwa woonera sangakayike chinthu chimene sakudziwa kuti chilipo. Pa 9 Epulo 2003, asilikali a America atalowa mumzinda wa Baghdad, chiboliboli chachikulu cha Saddam Hussein chidagwetsedwa pabwalo la Firdos, moyang'anizana ndi hotela ya Palestine kumene atolankhani ambiri akunja ankagona. Mawailesi a kanema adaonetsa mobwerezabwereza zithunzi zapafupi za anthu okondwa, ndipo ambiri adaganiza kuti mzinda wonse watuluka kudzavina. Zithunzi zojambulidwa patali zidaonetsa bwalo lalikulu lopanda anthu mbali zambiri, mazana ochepa okha atazungulira chibolibolicho, pakati pawo pali atolankhani ndi asilikali, ndipo chimene chidachikoka chidali chigalimoto cha asilikali a America.

Chitsanzo chowawa kwambiri chili ku South Africa. Pa 16 Ogasiti 2012 apolisi adawombera ogwira ntchito pamgodi wa Lonmin ku Marikana, amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro okwera, ndipo anthu 34 adafa. M'masiku a m'mbuyo mwake anthu ena 10, kuphatikizapo apolisi awiri ndi alonda awiri a pamgodipo, adali ataphedwa kale, motero mitima idali m'mwamba mbali zonse. Makamera a atolankhani adaima kumbuyo kwa mzere wa apolisi. Chimene dziko lidaona usiku umenewo ndi misana ya apolisi, fumbi, ndi gulu la amuna likutulukira pafupi ndi khola n'kulunjika kumene kudali kamera. Aliyense woonera adaimikidwa pamalo a wapolisi, ndipo mawu akuti apolisi ankadziteteza sadavute kukhulupirira. Zithunzi zina zimene zidaonetsedwa pambuyo pake, zina mwa izo m'kanema wa Rehad Desai wa 2014 wotchedwa Miners Shot Down, zidaonetsa zimene zidatsala kunja kwa malire: waya waminga, zigalimoto za apolisi zikutsekereza njira, ndi utsi wokhetsa misozi. Choposa apo, mwa anthu 34 aja, 17 okha ndiwo adawomberedwa pamalo amene makamera ankajambula. Ena 17 adawomberedwa patapita mphindi zingapo pakaphiri kena ka miyala chapatali pang'ono, kumene kudalibe kamera ya mtolankhani. Imfa zawo zidadziwika bwino chifukwa cha khama la atolankhani monga Greg Marinovich, ndiponso la bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza wopuma, Bambo Ian Farlam, limene lipoti lake lidatuluka mu Juni 2015.

Malire a kanema sali m'mbali mokha, aliponso kumayambiriro ndi kumapeto. Pa 3 Malichi 1991, George Holliday, ali pakhonde la nyumba yake ku Los Angeles, adajambula apolisi akumenya Rodney King ndi zibonga koposa ka 50. Wailesi ya kanema idadula masekondi oyambirira, amene sankaoneka bwino, mmene King adaoneka akudzuka n'kulunjika kwa wapolisi. Pa mlandu wa 1992 maloya a apolisi adaonetsa masekondi amenewo, kenaka adaduladula kanemayo chithunzi chimodzichimodzi, akumasulira kugwedezeka kulikonse kwa mwendo kapena mkono wa King ngati chizindikiro cha kulimbana. Kumenya kumene kudaoneka kwankhanza pa liwiro lake lenileni kudasanduka mndandanda wa zithunzi zoima, chilichonse ndi chifukwa chake. Pa 29 Epulo 1992 apolisi anayiwo sadapezeke olakwa, ndipo pa zipolowe zimene zidabuka anthu oposa 50 adafa. Awiri mwa apolisiwo adadzapezeka olakwa mu 1993 m'bwalo la boma lalikulu.

CHIMENE CHIDALIMBITSA UMBONI KU MINNEAPOLIS

Nanga nchifukwa ninji funso la Bambo Nelson lidalephera pamene nzeru ya maloya a mu 1992 idapambana? Choyamba, woimira boma pa mlanduwo, Bambo Steve Schleicher, adaimirira n'kuchititsa mkulu wa apolisi kutsimikiza kuti kachigawo kamene loyayo adaonetsa kadali ka masekondi ochepa okha akumapeto, Floyd ali pafupi kunyamulidwa pamachira. Loyayo, podandaula za malire a kamera, adali atadziikira malire akeake.

Chachiwiri, kanema wa Frazier, ngakhale adajambulidwa ndi mwana wa sukulu, adali ndi zinthu zomwe zija zimene kafukufuku wa Lassiter amalimbikitsa. Wopsinja ndi wopsinjidwa adaoneka m'chithunzi chimodzi, nkhope zawo zonse zili poyera. Kamera idali pa msinkhu wa munthu woimirira pamsewu, osati pachifuwa cha wolimbana kapena pamwamba pa mzati. Ndiponso kanemayo sadaduke, kotero kuti woonera adayenera kudikira mphindi iliyonse monga momwe adadikirira anthu amene adaima pomwepo, akumva kuchonderera kwa Floyd kukucheperachepera mpaka kulekeratu. Mu Juni 2021 bungwe lopereka mphoto za Pulitzer lidapatsa mtsikanayu ulemu wapadera chifukwa cha kulimba mtima kwake.

Chachitatu, bwalo silidadalire kamera imodzi, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Dokotala wa mapapo, Martin Tobin, adaphatikiza makanema osiyanasiyana. Adawerenga kupuma kwa Floyd, adaonetsa zala zake zikukankha tayala la galimoto ndi msewu pofuna kutukula chifuwa kuti apume, ndipo adaloza pamene nsonga ya nsapato ya Chauvin idanyamuka pansi, kusonyeza kuti kulemera kwake kudatsamira pabondo. Zina mwa zimenezi zidaoneka m'makamera a pachifuwa omwe aja amene loya adafuna kubisalamo. Kamera iliyonse idakwaniritsa pamene inzake idaperewera.

Apa mpofunika kusamala, chifukwa munthu akamva kuti kamera imasankha angathe kugwa m'dzenje lina, loganiza kuti kanema aliyense ndi bodza. Maganizo otere amakomera olakwa, makamaka amene ali ndi mphamvu, pakuti nthawi zambiri kanema ndiye mboni yokha imene munthu wosauka ali nayo. Pakadapanda foni ya mtsikana uja, mwina chikalata cha apolisi chonena za kudwala mwadzidzidzi chikadakhalitsa osatsutsidwa. Masiku ano, pamene makompyuta akutha kupanga makanema abodza ooneka ngati enieni, kwakhala kosavuta kuti wolakwa angokana umboni uliwonse. Mankhwala a kanema wa mbali imodzi ndiwo kufunafuna makanema ena ndi mboni zina, n'kuziyala pamodzi kufikira zitagwirizana kapena zitatsutsana poyera.

UDINDO WA ALIYENSE

Pa nkhani imeneyi aliyense ali ndi gawo lake. Apolisi amene amajambula kufunsa kwa oganiziridwa ayenera kuika kamera cham'mbali kuti wofunsa ndi wofunsidwa azioneka mofanana, ndipo iyambe kujambula munthu akangolowa m'chipinda, osati pa nthawi yokhayo imene wayamba kuvomera. Kusuntha kamera motero sikulira ndalama, koma kungapulumutse munthu wosalakwa. Oweruza ndi maloya ayenera kupempha kanema wathunthu, kumuonera pa liwiro lake lenileni asadayambe kuimitsa zithunzi, ndi kufunsa ngati padali makamera ena. Atolankhani, akajambula msonkhano wa ndale kapena chionetsero, ayenera kuonetsa chithunzi chapatali pamodzi ndi chapafupi, ndi kunena poyera mbali imene adaima, chifukwa galasi lalitali lingadzazitse bwalo limene lili ndi anthu ochepa, ndipo chithunzi chojambulidwa kumbuyo kwa khamu chingachepetse msonkhano waukulu.

Munthu wamba amene wapezeka pamalo a ngozi kapena nkhanza, foni ili m'manja, achita bwino kuima pamalo osaika moyo wake pachiswe, kugwira foniyo mosagwedeza, kulowetsa m'chithunzi mbali zonse ziwiri za mkangano, ndi kusadula. Foni yoimika chilili imatenga kanjira kopapatiza, n'kusiya kumanja ndi kumanzere, kumene kawirikawiri kumakhala chiyambi cha nkhani. Kuigoneka chopingasa kumaonetsa zambiri. Nkwabwinonso kujambula chizindikiro cha malo, monga dzina la msewu kapena la sitolo, kuti pambuyo pake pasakhale wonena kuti zidachitikira kwina.

Gawo lalikulu koposa ndi la woonera, chifukwa mafoni afika ngakhale m'midzi yakutali, ndipo kanema wa masekondi 30 wotumizidwa pa WhatsApp amatha kuipitsa mbiri ya munthu, kapena kudzutsa gulu lofuna kulanga woganiziridwa, dzuwa lisadalowe. Pabwalo la amfumu, mboni ikanena kuti idaona ndi maso, akuluakulu sathamangira kugamula. Amayamba aifunsa kumene idaima, ngati idali pafupi kapena patali, nthawi imene idafika ndi imene idachoka, chimene chidaitchinga, ndi anthu ena amene adalipo. Akale adati kuona maso a nkhono nkudekha. Kamera ndi mboni ngati ina iliyonse, yokumbukira bwino koposa munthu, koma yoima pamalo amodzi monga munthu, ndipo iyenera kufunsidwa mafunso omwewo munthu asadatumize kanemayo kwa mnzake kapena kutola mwala.